Sikelo ya Nandolo ndi Lamya ya M'manja

Kwathu kuno ku Phalombe, kuyambira m'tsinde mwa mapiri a Mulanje ndi Michesi mpaka kukafika kuchigwa cha nyanja ya Chilwa, kunenepa ndi ulemu. Mkamwini akalowa pamudzi, mkazi wake n'kuyamba kudzaza chitenje, akuluakulu amagwedeza mitu n'kumati mwana wathu wapeza mwamuna wodziwa kusamala. Nayenso bambo akatulutsa mimba, anyamata a kabaza amamuitana kuti bwana ngakhale m'thumba mwake muli mbee. Maganizo amenewa sadagwe kuchokera kumwamba ayi. Dera lino limaidziwa njala. Amene adaona Napolo wa m'mwezi wa Malichi 1991 akukokolola minda ndi midzi kuchokera m'phiri la Michesi, ndiponso amene adapulumuka njala ya 2002, amadziwa kuti thupi lodzaza ndi chizindikiro choti pakhomopo moto sukugona. Kuwonjezera apo, kudabwera matenda aja amene anthu adawapatsa dzina loti kaliwondewonde. Boma lisanayambe kugawa mankhwala otalikitsa moyo mwaulere m'chaka cha 2004, munthu akangoyamba kuonda, abale ake ankayamba kunong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Mantha amenewo adakhazikika m'mitima ya anthu ndipo mpaka lero sadatheretu.

N'chifukwa chake nkhani ya munthu wofuna kuchepetsa thupi mwadala imamveka ngati nthano kwa anthu ambiri akuno. Komatu ine ndidaiona ndi maso angawa, pakuti idachitikira achemwali anga a bere limodzi, amene ine ndidapondana nawo.

Achemwaliwa adakula monga amakulira mwana wamkazi aliyense wam'mudzi. Ankalima, ankasinja, ankatunga madzi kudambo, ndipo tsiku lamsika ankasenza dengu la chinangwa kupita ku Migowi wapansi. Atafika zaka makumi anayi, adayamba geni yogula nandolo ndi mpendadzuwa kwa alimi n'kumagulitsa kwa amalonda a ku Limbe. Geniyo idawayanja. Adakhoma malata, adaphunzitsa ana, ndipo kumunda adayamba kulemba aganyu. Koma ntchito yogula mbewu ndi yokhala pansi. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo munthu amakhala pampando pafupi ndi sikelo, akuwerenga ndalama. Pambali pake pamadutsa ogulitsa mandasi ndi zitumbuwa, patsidya pa msewu pali chiwaya cha mbatata yokazinga, ndipo dzuwa likatentha m'golosale muli zakumwa zoziziritsa kukhosi. Ulendo umene kale ankayenda ndi miyendo tsopano udali wa njinga yamoto. Thupi la munthu lili ngati nkhokwe: chimene walowetsamo osachigwiritsa ntchito silitaya, limachisunga ngati mafuta. Motero pakutha pa zaka khumi, amene ankalima ndime yonse osapuma adayamba kupuma wefuwefu pongokwera kachitunda kakuseri kwa nyumba.

M'mwezi wa Juni 2022 mutu udayamba kuwapweteka kunkhongo masiku otsatizana, ndipo maondo ankawalasa akati adzuke. Atapita kuchipatala adawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, nawonso shuga wa m'magazi adali atafika pamalire. Adawapatsa mapiritsi ndi kuwalangiza kuti achepetse thupi, mchere ndi shuga. Sadali okha pa vuto limeneli. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Kafukufuku wina wa 2015 mpaka 2016 adaonetsa kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 adali onenepa kupyola muyeso, pamene ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu adali opinimbira. Taganizani, anzanga: m'dziko limodzi, nthawi zina m'mudzi umodzi, wina akudwala chifukwa cha kuchepa kwa chakudya, wina chifukwa cha kuchuluka kwa chakudya chosayenera.

Kulangiza munthu kuti achepetse thupi n'kosavuta. Chovuta n'kumuperekeza pa ulendowo. Kuchipatala mzere umakhala wautali, ndipo dokotala sangakhale ndi wodwala mmodzi ola lathunthu kumufunsa zimene adadya dzulo pamene pabenchi pali mwana wokomoka ndi malungo. Wodwala amabwerako ndi mapiritsi a mwezi umodzi, koma nsima amadya kawiri pa tsiku, ndipo pa nthawi yomwe akutema mbamu palibe dokotala amene amakhala pambali pake.

Mwayi wathu udali wakuti mwana woyamba wa achemwali ndi namwino, ngakhale kuti ntchito amagwirira kutali ku Mzuzu. Tikadakhala m'masiku amene ine ndinkaphunzira sukulu, thandizo lake likadakhala kalata yofika patatha milungu iwiri. Lamya za m'manja zidafika m'dziko muno ndi kampani ya TNM m'chaka cha 1995, ndipo ya Celtel, imene pambuyo pake idadzakhala Airtel, idatsatira mu 1999. Poyamba zidali za mabwana a m'tauni okhaokha, koma pofika 2022 ngakhale ogula nandolo pa Migowi ankamva mitengo ya ku Limbe kudzera pafoni. Mwanayo adatumizira amayi ake foni yamakono yotha kujambula ndi kutumiza zithunzi pa WhatsApp, ndipo ine adandiimbira padera.

“Amalume,” adatero, “inu ndinu mwini mbumba. Ine ndili kutali, maso anga akhala inuyo. Loweruka lililonse m'mawa mundiyezere amayi ndipo munditumizire nambala yake. Zina zonse ndizikambirana nawo ndekha.”

Sikelo yoyezera anthu tidalibe, koma yoyezera nandolo idalipo, ija yopachika pamtanda, yokhala ndi ngowe kunsi. Tidamangirira thumba lolimba pangoweyo ngati katungwe, ndipo m'bandakucha, anthu asanayambe kudutsa, achemwali adakhalapo titatseka chitseko cha sitolo. Muvi udazungulira n'kukaima pa makilogalamu 90. Iwo adakhala chete kanthawi, kenaka adati, “Achimwene, ndiye kuti ine ndine thumba lathunthu la nandolo ndi ndowa ziwiri pamwamba?” Alimi amakonda kudandaula kuti masikelo a ogula mbewu amabera. Tsiku limenelo mwini sikelo adalakalaka kuti yake ikadakhala yotero.

Nambalayo itafika ku Mzuzu, namwino uja adatiphunzitsa kawerengedwe kamene azaumoyo amagwiritsa ntchito. Amatenga kulemera kwa munthu m'makilogalamu n'kugawa ndi msinkhu wake m'mamita, msinkhuwo atauchulukitsa ndi iwo womwe. Achemwali ndi otalika mamita 1.6, kuchulukitsa 1.6 ndi 1.6 kumapereka 2.56, ndipo kugawa 90 ndi 2.56 kumapereka 35. Munthu wamkulu amayenera kukhala pakati pa 18.5 ndi 25, ndipo akafika pa 30 ndiye kuti kunenepako kwasanduka chiopsezo. Koma njira imene achemwali adaikonda idali ya chingwe. Tidadula chingwe chofanana ndi msinkhu wawo, kuchipinda pakati, n'kuchizunguliza pamimba. Ngati nsonga ziwirizo sizikumana, ndiye kuti mafuta a pamimba achuluka, ndipo amenewo ndiwo amayenderana kwambiri ndi shuga ndi matenda a mtima. Kwa iwo padatsala mpata woti n'kulowetsapo chikhato chonse ndi zala zina. Mwanayo sadawalonjeze zodabwitsa. Adati akachotsa makilogalamu asanu mpaka asanu ndi anayi, ndiye kuti magawo 5 mpaka 10 mwa 100 a kulemera kwawo, thupi lidzamva kusintha, ndipo ntchitoyo ifunika miyezi yambiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

M'foni muja adaikamonso pulogalamu ina yowerengera mphamvu ya m'zakudya. Munthu amalemba chimene wadya, iyo n'kumuuza kuchuluka kwake. Tidalimbana nayo milungu iwiri. Inkadziwa mitundu yambirimbiri ya buledi, tchizi ndi zipatso zimene sitidazionepo, koma nsima ya mgaiwa ndi chigwada sinkazidziwa. Kalongonda, amene Alomwe amamuphika tsiku lathunthu ndi kumutaya madzi kangapo, sitidavutike n'komwe kumufufuza. Inkafuna magalamu, pamene mayi wa Chimalawi amayeza nsima ndi chipande. Ndiponso zonse zidali m'Chingerezi, ndipo achemwali sukulu adalekera Sitandade 6. Amene adaipanga adapangira anthu a kwawo, odya zakudya za m'mapaketi zolembedwa manambala kumbuyo, ndipo sindikuwaimba mlandu; mmisiri amasema mpini molingana ndi khasu limene ali nalo.

Chimene chidagwira ntchito chidali chapafupi zedi. Asanasambe m'manja, achemwali ankajambula mbale yawo n'kutumiza chithunzi. Yankho linkabwera mwa mawu ojambulidwa, pakuti kuwerenga timalemba tating'onoting'ono kunkawatopetsa maso. “Amayi, mitanda itatu yachuluka, idyani iwiri. Nkhwaniyo onjezerani. Mafuta mwathira ambiri, ndikuona akuyandama.” Tsiku lina: “Lero ndiye mwakhoza, nandolo ndi bonongwe, kwatsala chipatso chokha.” Sadawaletse nsima, chifukwa kuletsa Mmalawi nsima n'kumuthamangitsa. Adawabweza kuchoka ku ufa woyera kupita ku mgaiwa, umene uli ndi gaga wake ndipo umakhalitsa m'mimba. Adawakumbutsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kusikelo ya ana: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Zonsezi zidali pakhomo pomwepo kapena pamsika: khwanya, chisoso, therere, matemba a ku Chilwa, mapapaya, magwafa. Shuga wa mu tiyi adatsika kuchoka pa masupuni anayi kufika pa imodzi. Mchere, umene bungwe la WHO limati usapyole magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi kakang'ono, adasiya kuuika patebulo. Atamva kuti m'botolo limodzi la chakumwa chozizira chija muli shuga wokwana timasupuni 7 kapena 8, adagwira pakamwa, pakuti pa tsiku lotentha ankamwa atatu.

Ine ndidaona chinthu china chimene mwanayo sadachinene. Kujambula mbale kumachititsa munthu kuiyang'ana. Amene akudziwa kuti mwana wake aona chithunzicho amabweza yekha mtanda wachitatu asanajambule n'komwe.

Foniyo inkawerenganso mapazi. M'kati mwake muli kachipangizo kamene kamamva kugwedezeka kwa thupi, ndipo madzulo kamasonyeza kuti munthu waponda kangati. Anthu ambiri amakhulupirira kuti payenera kukwana mapazi 10,000 pa tsiku, koma nambala imeneyi idachokera kwa amalonda a ku Japan amene m'chaka cha 1965 ankatsatsa kachida kowerengera mapazi. Langizo la WHO ndi lakuti munthu wamkulu azigwira ntchito yotulutsa thukuta pang'ono, monga kuyenda mwandawala, kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Nayonso foni ili ndi umbuli wake. Tsiku limene achemwali adapalira chimanga m'mawa wonse, foni ili m'thumba lopachika mumtengo wa mango, idati sadagwire ntchito. Tsiku limene adakwera njinga yamoto pa msewu wa mabampu, idawayamikira kuti ayenda mtunda wautali. Tidaseka, ndipo kuyambira pamenepo ankangoiona ngati mwana wowerengera mbuzi, woti ukamva nambala yake uyenera kukasuzumiranso m'khola wekha.

Pofika mwezi wa Novembala adali atachotsa makilogalamu asanu ndi limodzi, ndipo apa ndipo padabuka nkhondo yeniyeni. Kutchalitchi anthu adayamba kuwapatsa moni wachisoni. Pamsika ena ankati geni yagwa, ena ankati alamu apeza mkazi wina ndipo mayiyu akudya maganizo, ena ankangotsinzinirana diso. Nawonso alamu adayamba kung'ung'udza kuti anthu aziti iwo akulephera kudyetsa banja. Tsiku lina madzulo kudafika azakhali athu, mlongo wawo wa malemu bambo, atanyamula nkhuku m'khwapa. Sadapite kwa achemwali. Adabwera kwa ine.

“Iwe ndiwe mwini mbumba,” adatero atakhala pamphasa. “Mlongo wako akutha ngati sopo, iwe uli phee. Ngati ndi matenda aja, bwanji osanena? Masiku ano mankhwala alipo, palibe chobisa.”

“Azakhali, sakudwala matenda amenewo ayi. Akuchepetsa thupi mwadala, molangizidwa ndi achipatala.”

“Mwadala? Munthu chakudya chilipo, n'kumadzimana? Kapena mwamupezera sing'anga wa m'foni amene akumuyamwa magazi?”

Sindidawaseke, chifukwa azakhaliwa adaika m'manda ana awo awiri m'zaka za m'ma 1990, ndipo onsewo adayamba ndi kuonda. Ndidawatengera kwa achemwali, tidatulutsa buku lakuchipatala, ndipo tidaimbira ku Mzuzu lamya yoonana nkhope. Mdzukulu wawo, atavala yunifolomu yake yoyera, adawagwadira ndi mawu n'kuwafotokozera mwaulemu kuti magazi akamathamanga kwambiri amatha kuphulitsa mtsempha wa mu ubongo, munthu n'kufa ziwalo mbali imodzi. Adawakumbutsa za anthu a m'mudzi momwemo amene adagwa mwadzidzidzi ali onenepa bwino, anthu n'kumati awaponyera nyundo yamatsenga. Azakhali adamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka adati nkhukuyo iphedwe basi, ndipo msuzi wake amwe ndi mlongo wanga. Namwino adavomera, nangopempha kuti aiwiritse m'malo moikazinga.

Pamenepa ndidazindikira ubwino wina wa thandizo lakutali m'dera ngati lathu. Achemwali akadamapita kuchipatala mlungu uliwonse, kapena mlangizi akadamafika pakhomo pawo kawirikawiri, mphekesera zikadakula msanga ndipo mwina akadagwa mphwayi asanaone phindu. Foni idawapatsa malo obisika oyambirapo mpaka atalimba mtima.

Koma khomo limene adalowera namwino ndi lomwelonso adalowera akathyali. Foni itangozindikira kuti mwini wake akufufuza za kuchepetsa thupi, mauthenga a malonda adayamba kugwa ngati mvula. Ena ankagulitsa tiyi wosungunula mafuta m'masiku khumi, ena malamba omanga pamimba, ena mapiritsi ochokera kunja, onse ndi zithunzi za amayi amene dzulo adali ngati mtsuko lero ali ngati bango. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri mwa matiyi otere amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, munthu n'kupepuka chifukwa wataya madzi, mafuta ali pomwepo; ndipo kwa amene akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, kutaya madzi kotero n'koopsa. Mayi wina wogula naye mbewu adawauza kuti tiyi woteroyo amachotsa ndi bipi yomwe, kotero mapiritsi angathe kuwasiya. Usiku umenewo mwana wawo adali pa ntchito ndipo sankayankha, choncho tidaimba pa 54747, nambala yaulere ya Chipatala cha pa Foni, ntchito imene idayambira m'boma la Balaka m'chaka cha 2011 ndipo pambuyo pake idafalikira m'dziko lonse pansi pa Unduna wa Zaumoyo. Amene adayankha adalankhula Chichewa chomveka bwino, ndipo adati asasiye mankhwala popanda kuonana ndi dokotala. Tiyi uja sadagulidwe.

M'mwezi wa Malichi 2023 kudabwera namondwe wa Freddy. Mvula idagwa masiku angapo osalekeza, mapiri adakhetsa matope ndi miyala, milatho idaduka, ndipo madera ngati a kwa Nkhulambe adasanduka mchenga wokhawokha. Magetsi adazima, mafoni adakhala zii. Anthu adathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndipo pakhomo pa achemwali padadzaza abale amene nyumba zawo zidagwa. Sikelo ija idasiya kuyeza munthu n'kuyamba kugawa ufa. Kwa miyezi itatu palibe amene adatchula za kuchepetsa thupi, ngakhale namwino amene. Kukadakhala kupanda ulemu kujambula mbale ya chakudya pamaso pa anthu amene adataya nkhokwe zawo.

Masiku amenewo adandionetsa kuti njira yathuyi idatsamira pa zinthu zambiri zimene munthu wamba sazilamulira. Pamafunika foni ya mtengo wake, ndalama zogulira bandulo, magetsi kapena sola yotchajira, ndi netiweki imene m'midzi ina munthu amaipeza atakwera pachulu. Koposa zonse pamafunika munthu kumapeto kwina kwa lamyayo, wodziwa za umoyo, wodziwanso kuti mtanda wa nsima ndi chiyani, ndiponso wokhala ndi mtima wofunsa Loweruka lililonse. Mabanja ambiri a m'boma lino alibe namwino wawowawo ku Mzuzu. Ndikamamva anthu ophunzira akunena kuti luso lamakono lithetsa mavuto a zaumoyo kumidzi, ndimavomera theka lokha. Ndikadakonda kuona alangizi a zaumoyo a m'midzi, amene amayenda kale pakati pathu, atapatsidwa mphamvu ndi zipangizo zoti azitha kufunsa odwala shuga ndi bipi pafoni monga ankachitira mwana uja, m'chilankhulo chathu ndi pa zakudya zathu.

Tidapachikanso thumba pangowe m'mwezi wa Julayi. Muvi udaima pa 86, kusonyeza kuti makilogalamu awiri adali atabwerera. Ku Mzuzu sikudachokere mawu okalipa. Kudangobwera funso lakuti nkhwani zayamba kupezeka kudimba kapena ayi. Pofika Khirisimasi ya chaka chimenecho adali pa 81, ndipo kuyambira pamenepo akhala akusewera pakati pa 81 ndi 83. Mapiritsi akumwabe, ndipo kuchipatala amapita pa tsiku limene adawalembera, koma mutu wa kunkhongo uja udaleka ndipo shuga sadapyole malire. Zithunzi za mbale adasiya kutumiza, akuti maso awo adaphunzira. Nsonga za chingwe chija sizidakumanebe. Patsala mpata wa zala zitatu.

M'mawa kusanatenthe amayenda wapansi kupita kusitolo, ndipo amayi ena atatu ogula mbewu adayamba kutsagana nawo, awiri mwa iwo atawapezanso ndi bipi. Mmodzi alibe foni yamakono, choncho nambala yake ya Loweruka imapita ku Mzuzu pamodzi ndi ya achemwali. Azakhali amafikabe pakapita miyezi ingapo. Amawagwira mlongo wanga padzanja, kulitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa ngati mwana wa ku Mzuzu uja wawalola tsopano kudya mtanda wachitatu.